Anandiuza Lolemba

Loko wa pakhomo la nyumba yosungiramo mbewu sanathyoledwe. Ndinamutembenuza uku ndi uku padzuwa, koma analibe ngakhale pokalika. Amene analowa mmenemo analowa ndi kiyi ngati mwini nyumba, natulutsa matumba onse a mbewu ya mpunga, n'kutsekanso bwinobwino. Anangosiya mabenchi, malona opindidwa pakona, ndi fungo la Kilombero lomwe linali litakanirira m'zipupa. Nditakhala pa benchi ina kuti ndipume, msomali unandikola siketi, ndipo ndinatukwana chamumtima.

Ndine Sajeni Dina Chikopa, wofufuza milandu, ndipo ndinabadwira m'chigwa chomwechi cha Domasi. Upolisi wogwirira kwanu ndi wowawa. Aliyense amene ukumufunsa anakuonapo ukuyenda ndi mamina, ndipo akamayankha amayankha mwana uja, osati wapolisi. Mlandu uwu unandiwawa koposa, chifukwa mbewuyo inali ya Kalabu ya Tiyesenawo, imene anayambitsa aphunzitsi anga a Isaki Nampinga, omwe tinali titangowaika m'manda Loweruka. Mitambo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri la Zomba, nthawi yofesa nazale itakwana, koma alimi analibe chofesa.

Mlembi wa kalabuyo, a Everson Makawa, anaima pambali panga manja ali kumbuyo, kansalu kakuda kakadali pamalaya. Ndi bambo wofatsa, wolankhulira pansi, wa mtundu uja umayamba kupepesa usanauponde. Anandiuza kuti makiyi analipo awiri okha. Wina anali wa malemu, ndipo anali m'nyumba mwa mayi wamasiye, amene sitikanawavutitsa ndi mafunso anamfedwa asanamete. Winayo ankasunga ndi a Hopeson Mulima, wachiwiri kwa wapampando.

"Ine sindikuloza munthu chala, a Sajeni," anatero a Everson. "Koma Loweruka chigwa chonse chinali kumanda. Inunso munalipo, ndinakuonani. Ndiye tangodzifunsani nokha kuti amene sanaoneke ndani."

Sindinachite kuganiza. A Everson ndinawaona ndi maso angawa atanyamula bokosi kutsogolo. Ndi iwo analankhula pamanda m'malo mwa kalabu mpaka amayi kuyambiranso kulira, ndiponso ndi iwo anadyetsa khamu lonselo mpunga, womwe anati watuluka m'nyumba mwawo. Anthu anayamikira mpaka pamsika. Koma a Hopeson, mnzawo wa pamtima wa malemu, anatulukira Lamulungu masana akukoka mbuzi ya chipepeso, n'kupeza malona atachotsedwa kale. M'mawa mwake alimi anawaumiriza kutsekula nyumba ya mbewu, ndipo itapezeka yopanda kanthu, anthu anawagwira n'kuwamanga ndi chingwe cha mbuzi yawo yomwe. Anzanga apolisi akanachedwa, bwenzi tikukamba za maliro ena.

* * *

Kuti mumvetse za abambo awiriwa, muyenera kuwadziwa kaye aphunzitsi a Nampinga. Anatiphunzitsa mbiri yakale fomu folo. Sanapiteko kutali kuposa ku Tete, koma akayamba za ku Russia, umachita kumva kuzizira ngakhale mwezi wa Okutobala. Lenin, Trotsky ndi Stalin ankawatchula ngati anthu a tsidya la mtsinje omwe anakanganapo nawo malire a munda. Ankatiuza mmene Lenin anayambira ndi kulanda tirigu kwa alimi kuti adyetse asilikali ndi anthu a m'tauni, alimi n'kuyamba kubisa zokolola m'maenje ndi kuchepetsa minda, njala n'kusesa anthu osawerengeka. Kenaka Lenin anabwerera m'mbuyo, nati mlimi apereke gawo ku boma, zotsalazo agulitse kumene akufuna. Dongosololo ankalitcha NEP, ndipo ife tinkangoloweza kuti tikhoze mayeso.

Chodabwitsa n'chakuti atapuma ntchito n'kuyambitsa kalabu ya mpunga, aphunzitsiwo anagwa m'dzenje lomwelo. Chaka choyamba analamula kuti mlimi aliyense abweretse mpunga wake wonse malo amodzi, adzagulitse pamodzi mitengo ikakwera. Mpunga unayamba kugona kunsi kwa mabedi ndi m'mitsuko, wina n'kumatuluka kuseri kupita kwa mavenda. Aphunzitsi anaitanitsa msonkhano nadziseka okha pamaso pa anthu, nati aphunzitsa nkhaniyi zaka zonsezi koma wosamva m'kalasimo anali iwo. Kuyambira pamenepo aliyense ankapereka gawo la mbewu ku kalabu, zotsalazo n'kugulitsa yekha.

A Hopeson sanakhutire nazo. Ankati mavenda akuwabera alimi ndi ndowa zophwanyika m'mbali, ndipo mankhwala ake ndi kugulitsa pamodzi basi. Akaimirira kulankhula, ngakhale wodutsa panjinga ankatsika kuti amve. A Everson ankati ayi, mlimi asiyidwe ndi mpunga wake. Iwo sankalankhula pabwalo. Ankayenda khomo ndi khomo, ndipo pokhala mlembi, ndi iwo ankagawa tsiku lothirira ndi kunena amene alime pafupi ndi ngalande. Aphunzitsi ankawagwira awiriwa ngati bambo wamitala, uyu kumutonthoza m'mawa, uyo madzulo.

* * *

A Hopeson ndinawapeza m'chitokosi atakhala pansi, diso limodzi litatupa. Mawu aja ankamveka kutsidya kwa mtsinje anali atatsala pang'ono ngati a munthu wodwala chifuwa. Sanandifunse za belo. Anandifunsa ngati mbuzi ija wina anaipatsa madzi.

Anati uthenga wa maliro unawapeza ku Mozambique, kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, kumene anaperekeza akazi awo kukadwazika apongozi. Ndinawafunsa ngati ali ndi chidindo cha pamalire chosonyeza tsiku limene anawoloka. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, ndipo zinalidi zachibwana. Makolo awo anachokera komweko, ndipo anthu akwathu amawoloka panjinga kudzera njira za m'tchire, kukalira maliro kapena kukagula nandolo, popanda wofunsa pepala. Umboni woti Loweruka anali kutsidyako unali wa akazi awo okha, ndipo anthu anali atanena kale kuti mbewuyo inawolokera komweko.

Ndinawafunsa mosabisa chomwe chinawalepheretsa kufika pamaliro a mnzawo.

"Mwananga, ine sindinalephere," anatero. "Anandiimbira ndi a Everson, Lachinayi lomwe aphunzitsi anatisiya. Anati mwambo ndi Lolemba, akudikira mwana wa malemu wochokera ku Joni. Ndiye ndinati ndisabwere chimanjamanja, ndiyambe ndasaka mbuzi yooneka. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndidzalankhule pamanda. Ndinkayeserera pa mbuziyo."

Anaseka pang'ono, kenaka anabisa nkhope m'manja. Mwana wa ku Joni uja anali atauza abale tsiku lomwelo kuti sabwera, aike basi, ndipo aliyense pasiwa ankadziwa zimenezo. Palibe wina anawaimbira a Hopeson, chifukwa akuluakulu atagawana ntchito yofalitsa uthenga, dzina lawo linagwera kwa mlembi, ndipo kwathu kuno uthenga wa maliro ukaperekedwa kwa munthu, ena salowererapo.

Ndili chiimire pamenepo, ndinamva mawu a aphunzitsi ngati ali kumbuyo kwanga ndi choko m'manja. Ankaikonda nkhani imeneyi kuposa zonse. Lenin atamwalira, Trotsky anali paulendo wokapuma kudera lofunda chifukwa ankadwala, ndipo iye ankati Stalin anamuuza tsiku lolakwika la maliro. Stalin ananyamula bokosi, nalumbira pamaso pa dziko kuti adzasunga zonse zomwe malemu anasiya, pamene Trotsky, wodziwa kulankhula uja, kunalibe. Aphunzitsi ankamenya tebulo n'kutifunsa kuti kodi kwanu kuno munthu wojomba maliro a mnzake mungamukhulupirirenso? Tinkayankha tonse pamodzi kuti ayi.

Ndinatuluka ndi mtima wolemera. Nkhani ya m'kalasi si umboni, ndipo woweruza milandu sangamange munthu chifukwa wafanana ndi Stalin. Nditawaimbira a Everson, anayankha mofatsa kuti iwo ananena Loweruka, koma netiweki ya kutsidyako tonse tikuidziwa.

* * *

Mpunga wochuluka choncho sungayende osadutsa pamaso pa mavenda, choncho ndinalunjika kumchini wokonolera mpunga pafupi ndi msewu wa ku Liwonde. Ndinapeza a Husna, mayi wogula mpunga wodziwika chigwa chonse, atakhala pa thumba lopanda kanthu, nkhope ili gwa. Ndisanafunse kalikonse anayamba kundikhuthulira mkwiyo wawo. Anati dzulo lake kalabu inasankha a Everson kukhala wapampando, ndipo lamulo lawo loyamba linali loti popeza mbewu yabedwa, mlimi aliyense atule mpunga wake wonse ku kalabu, wokana alandidwe puloti.

"Taonani chemwali," anatero. "Si che Everson omwewa ankatiuza kuti mlimi agulitse yekha? Zogulitsa pamodzizi si za che Hopeson, zomwe ankazinyoza? Mwini wake ali m'chitokosi, iwo atola mfundo yake n'kuimangirira chikwapu."

Ndinakumbukiranso za m'kalasi zija. Aphunzitsi ankati Stalin anateteza NEP pamene ankalimbana ndi Trotsky, koma atamuthamangitsa anatembenuka n'kukakamiza alimi kulowa m'minda ya pamodzi, mwankhanza zoposa zomwe mdani wake analotapo.

Ndinawafunsa a Husna ngati wina anabwera kudzagulitsa Kilombero wambiri masiku amenewa. Anapukusa mutu. Anati mpunga wochuluka womwe unadutsa pamchinipo ndi wa maliro okha, umene a Everson anabweretsa panjinga za kabaza Lachisanu. Unadumpha mzere, poti wa maliro sudikira, ndipo palibe amafunsa kuti wachokera kuti. Kenaka anayang'ana mankhusu omwe mphepo inkauluza.

"Ndinawayamikira ndithu," anatero motsitsa mawu. "Ndinati che Everson, Pusa wanu chaka chino wanunkhira bwanji? Iwo anangoseka."

Ndinawafunsa chomwe akutanthauza. Anaimirira n'kukutumula chitenje, nati iwo sakutanthauza kanthu, ndipo ndisawatchule kukhoti, chifukwa nawonso anadya nawo.

Ndinakwera minibasi mutu uli ziii. Aliyense m'chigwa muno amadziwa kuti a Everson amalima Pusa, mpunga wobereka kwambiri koma wopanda fungo. Ndinayang'ana pomwe msomali unandikola siketi, ndipo mpamene ndinakumbukira chitenje changa chakuda chomwe chinali kunyumba chikudikira singano. Chinang'ambika pamalo omwewo, Loweruka, nditakhala pa benchi pasiwa. Ngati kiyi wina anali ku Mozambique, winayo osatuluka m'nyumba ya namfedwa, benchi ija inatuluka bwanji, ndipo inabwereramo bwanji?

* * *

Kwa mayi Nampinga sindinapite ngati wapolisi. Ndinamanga chitenje ndi duku, ndinavula nsapato pakhomo, n'kulowa chokwawa monga achitira opepesa. A Alesi, mayi wamasiyewo, anali pamphasa, atawonda, amayi awiri a Mvano ali pambali pawo. Anandizindikira, nati ndine mwana uja ankagona m'kalasi mwa amuna awo. Ndinavomera, poti zinali zoona.

Ndinapepesa kuti ndikuswa mwambo, koma a Hopeson ali m'chitokosi. Anadzidzimuka. Palibe anali atawauza kuti a Hopeson amangidwa. Achibale anagwirizana zowabisira kuti asawawonjezere chisoni, ndipo iwo ankangodabwa kuti mlamu wawo uja wafika liti, wapitanso liti osalowa m'nyumba.

Nditafunsa za kiyi, anayankha mosavuta, ngati nkhani yopanda pake. A Everson anadzamutenga Lachisanu m'mawa kuti akatulutse mabenchi ndi malona, ndipo anadzamubweza Lamulungu atabwezeretsa katunduyo. Palibe anawafunsapo. Kenaka anauza amayi a Mvano aja kuti atuluke pang'ono.

"Aphunzitsi anu anandisiyira mawu," anatero. "Lilime linali litayamba kale kulemera, koma ndinamva. Anati a Hopeson ndi odzimva, amakonda kuomberedwa m'manja, koma sangabe. A Everson ndi akhama, koma asapatsidwe mpando, chifukwa mtima wawo suiwala. Anati ndidzanene pamaso pa onse."

Ndinawafunsa chifukwa chake sananene.

"Ndikananena pati, mwananga? Mkazi wamasiye salankhula pabwalo. Ine ndinali muno akundiimbira nyimbo, panjapo amuna akugawana ntchito. Ndinkati tikameta ndidzanena. Sindinkadziwa kuti ena ali pachangu chotere."

Ndinakumbukira kuti Lenin nayenso anasiya mawu oti Stalin achotsedwe pa ulembi, mkazi wake n'kuwasunga, ndipo anamveka mochedwa, kwa anthu ochepa. Sindinawauze zimenezo. Anali atazimva kokwanira m'nyumba imeneyo kwa zaka zambiri.

A Alesi anakwawira kuseri kwa chitseko natulutsa beseni lovundikira ndi nsalu. Anati anapempha ophika kuti apatuleko mpunga wosaphika, kuti a Hopeson akadzafika adzadye nawo za maliro a mnzawo. Ndinavundukula. Njere zake zinali zazitali, zoyera, ndipo fungo lomwe ndinalipeza m'zipupa za nyumba ya mbewu linadzaza chipinda chonse.

Mbewu sinapite ku Mozambique. Tinaidya ife, chigwa chonse, titakhala pa mabenchi a kalabu, tikuyamikira kuwolowa manja kwa mlembi. Ine ndinawonjezera mbale yachiwiri. Ndinachita manyazi mpaka misozi, ndipo a Alesi ankaganiza kuti ndikulira aphunzitsi.

* * *

A Everson ndinawapeza kungalande akuyang'anira kugawa madzi. Ndinawaonetsa mpunga m'kapu, n'kuwauza za kiyi, za benchi ndi za mchini. Sanathawe ndipo sanakane. Anasamba m'manja m'ngalandemo mosafulumira, nati Pusa wawo anali atagulitsa kale, ndipo sakanalola munthu ngati a Nampinga aikidwe ndi mgaiwa. Ankati adzabweza akakolola. Anandifunsanso, mwaulemu wawo uja, kuti mboni ndizitenga kuti, poti aliyense amene ndingamuitane anakhuta nawo.

Ndinawauza kuti za mpungazo akafotokoza kukhoti, koma ine ndikufuna kudziwa za Lolemba. Apa ndiye nkhope inasintha.

"Zaka zonsezi ine kulemba, ine kudzuka m'mamawa kukatsekula madzi, ine kuyanjanitsa okangana," anatero. "Koma pamsonkhano woomberedwa m'manja ndi a Hopeson. Akanabwera, akanalankhula pamanda paja, ndani akanandiona ine? Ndinkangofuna tsiku limodzi lokha, a Sajeni. Zinazi zinangotsatira."

Ndinawafunsa ngati chingwe cha mbuzi chija chinangotsatiranso. Anavula okha kansalu kakuda kaja n'kukaika m'thumba, kenaka anatambasula manja.

* * *

A Hopeson anatuluka m'chitokosi tsiku lotsatira. Ndinawaperekeza wapansi kuchokera pamsewu. Ndinkayembekeza kuti anthu atuluka kudzapepesa, koma ndinadzinamiza. Amene anatiwona patali anapatukira m'minda, ena anangolowa m'nyumba. Munthu amavutika kuyang'ana m'maso amene anamumanga ndi chingwe, makamaka pamene chobedwacho chinadutsa pakhosi pake. Tinadutsa nazale zolimidwa bwino, zosalazidwa, zopanda kanthu. Mpunga wokonola sumera, ndipo Kilombero amene aphunzitsi anamusankha ngala imodziimodzi kwa zaka zambiri anali atathera m'miphika tsiku limodzi. A Hopeson anayang'ana nazalezo koma sananene za mbewu, kapena za mpando, kapena za kugulitsa pamodzi. Anangofunsa mbali imene anawaika.

Kumanda sulowa wekha, choncho tinapempha adzukulu awiri kuti atitsogolere. A Alesi anakakamira kubwera nawo, ngakhale achibale anawaletsa. Mbuzi ija inali itamangidwa pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya a Alesi, ndipo anati aisunga mpaka tsiku lometa. Tinayenda mpaka pamtumbira watsopano. Nkhata zinali zitafota ndi dzuwa, ndipo yaikulu kwambiri, yolembedwa dzina la kalabu, inali ija anaika a Everson.

Tinaima pamenepo anthu ochepa chabe. A Alesi anawagwira a Hopeson pamkono.

"Lankhulani, alamu," anatero. "Anzanuwa amakudikirani."

A Hopeson anavula chipewa. Anakonza kukhosi monga ankachitira pamisonkhano, naponya phazi limodzi patsogolo. Ndinkadziwa kuti mawu anali nawo, okonzedwa bwino kuchokera kutsidya kwa Chilwa, ndipo ndinadikira. Kenaka anagwada, naika dzanja padothi.

"Aphunzitsi," anatero, "ine anandiuza Lolemba."

Adzukulu anayang'ana kumbali, ndipo tinawasiya agwade mpaka pamene anafuna okha kudzuka.